Za mlamu wanu wa ku Ohio, quarterback ndi oyimbira

Achimwene, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani mlamu wanu wa ku Ohio Loweruka lililonse amangolira ndi anthu awiri, quarterback (woponya mpira yemwe amatsogolera timu ikamafuna kugoletsa) ndi woyimbira, ngati kuti m'bwalomo mulibe osewera ena. Mwafunsanso ngati madandaulo akewo ali ndi mutu kapena ndi mkwiyo chabe wa sapota. Ine mpira wa m'makoleji a ku America ndautsatira kwa zaka ndithu, mpaka kumadzuka 2 koloko usiku chifukwa magemu akuluakulu a madzulo kumeneko amayamba kuno tili m'tulo, ndiye ndiyankhako.

Chomwe chimawawitsa mtima masapota amenewa ndi kufupika kwa sizoni. Timu imasewera magemu 12 okha, kuyambira kumapeto kwa Ogasiti kufika kumapeto kwa Novembala. Ukagonja kamodzi, chaka chonse chikhoza kuthera pomwepo. Kuyambira sizoni ya 2014 mpaka ya 2023, matimu 4 okha ndi omwe ankalowa mu College Football Playoff kukalimbirana chikho, ndipo ankawasankha ndi anthu a komiti atakhala m'chipinda. Mu 2024 adawonjezera kufika pa 12, koma mikangano sidathe.

Kulemera kwa quarterback kudaonekera poyera mu 2023. Florida State idapambana magemu onse 13 osagonjako. Koma mu Novembala quarterback wawo Jordan Travis adathyoka mwendo, ndipo komiti idati popanda iyeyo timuyo siilinso yomwe ija. Adaisiya kunja n'kulowetsa Alabama, yomwe idali itagonjapo kamodzi. Mwendo wa mnyamata mmodzi udafafaniza thukuta la anthu onsewo. Pamenepo ine ndidali mbali ya Florida State, ndipo sindidasinthe ngakhale Georgia idawakwapula 63-3 ku Orange Bowl, chifukwa osewera awo ambiri odalirika sadasewere gemu imeneyo.

Koma masapota akamanyoza quarterback, nthawi zambiri amalakwa. Diso limatsatira mpira, ndiye limangoona amene wauponya. Saona kuti kutsogolo kwake kuli amuna 5 omwe ntchito yawo ndi kumutchinjiriza, ndipo mmodzi akaterereka, mnyamatayo amakhala ndi masekondi awiri kapena atatu chimunthu cholemera makilogalamu oposa 120 chisanamugwere. Akaponya mofulumira mpira n'kugwidwa ndi adani, pa intaneti pamadzaza mawu amodzi okha: amuike pa benchi, alowetse winayo. Ku timu iliyonse munthu wokondedwa kwambiri amakhala quarterback wachiwiri, chifukwa sanalakwitsepo kanthu, sanasewerepo.

Nkhani yomwe imawapatsa mphamvu ndi ya mu Januwale 2018 ku Atlanta. Alabama idapita kopumira ikugonja 13-0 kwa Georgia pa gemu yachikho. Quarterback wawo Jalen Hurts adali atagonja magemu awiri okha pa zaka ziwiri, koma kochi Nick Saban adamukhazika pansi n'kulowetsa Tua Tagovailoa, mnyamata wa ku Hawaii wa chaka choyamba, woponya ndi dzanja lamanzere. M'nthawi yowonjezera Tua adagwetsedwa kumbuyo n'kutaya mayadi 16, masapota a Alabama n'kugwira mitu. Mpira wotsatira adauponyera DeVonta Smith, touchdown (chigoli cha mpirawu) ya mayadi 41, gemu n'kutha 26-23. Chomwe anthu amaiwala n'chakuti mu Disembala chaka chomwecho, pa bwalo lomwelo, ndi Georgia yomweyo, Tua adavulala ndipo yemwe adadzuka pa benchi n'kupambanitsa timu 35-28 adali Hurts uja adamutaya. Pambuyo pake adasamukira ku Oklahoma, ndipo mu Febuluwale 2025 adatenga Super Bowl, chikho chachikulu cha osewera aganyu, ndi Philadelphia Eagles.

Za oyimbira ndiye ndiwaikirako kumbuyo pang'ono masapota, chifukwa mabala ena ndi enieni. Mu 1990 oyimbira adasokoneza chiwerengero n'kupatsa Colorado mwayi wachisanu woyesa kugoletsa, pamene lamulo limalola kanayi. Colorado idagonjetsa Missouri 33-31 ndi mwayi wa bwerekawo, ndipo chaka chomwecho idagawana ulemu wa ukatswiri wa dziko ndi Georgia Tech. Kukayikirana kumakulanso chifukwa oyimbira satumizidwa ndi bungwe limodzi la dziko lonse. Ligi iliyonse, kaya SEC, Big Ten kapena ACC, ili ndi ake, ndipo ambiri mkati mwa sabata amagwira ntchito zina. Ndiye timu yotchuka ya ligiyo ikapindula ndi mbendera yachikasu yomwe oyimbira amaponya wina akaphwanya lamulo, anthu amayamba kuwerengera ndalama zomwe ligi ingapeze timuyo ikalowa mu playoff. Ine sindikhulupirira kuti pali amene amawaimbira foni oyimbirawo. Ndimaona kuti malamulo ena ndi otanuka ngati legeni, aliyense amawakokera kwake.

Awiri ovuta kwambiri ndi pass interference ndi targeting. Loyambalo limaletsa kugwira kapena kukankha munthu amene akudikira mpira uli m'malere, koma osewera awiriwo amakhala akukokana kuyambira poyambira, ndiye woyimbira amasankha yekha pomwe zanyanya. Targeting ndi kugunda mnzako kumutu kapena kumugunda ndi nsonga ya chipewa cholimba chija. Mu 2013 adalamula kuti chilango chake chikhale mayadi 15 komanso kutulutsidwa m'bwalo, ndipo zikachitika m'chigawo chachiwiri, wosewerayo ankakhala panja chigawo choyamba cha gemu yotsatira. Cholinga chake ndi chabwino, kuteteza ubongo wa ana a eni. Koma pa 1 Januwale 2025 ku Peach Bowl, wosewera wa Texas adagunda wa Arizona State kumutu gemu ili pafupi kutha, oyimbira adakaona pa kanema n'kunena kuti palibe mlandu. Texas idapambana 39-31 m'nthawi yowonjezera.

Chomwe chidandinyansa ine chidachitika mu Okutobala 2024 ku Austin. Oyimbira adaponya mbendera yopweteka Texas pa gemu yawo ndi Georgia, masapota n'kuyamba kugenda mabotolo m'bwalo. Gemu itaima kuti atole zinyalalazo, oyimbira adakambirana n'kusintha chigamulo. Mwina chigamulo chachiwiricho chidali cholondola, koma ana asukulu onse oonera adaphunzira kuti botolo limagwira ntchito. SEC idalipiritsa Texas madola 250,000, ndipo Georgia idapambanabe 30-15.

Mlamu wanuyo akayambanso kulira ndi oyimbira, mumufunse za Fiesta Bowl ya Januwale 2003. Miami idali itapambana magemu 34 motsatizana, ikutsogola m'nthawi yowonjezera, ndipo mpira womaliza wa Ohio State udagwera pansi. Osewera a Miami adathamangira m'bwalo kukondwera, kenako mbendera idatuluka mochedwa, akuti pass interference. Ohio State idapatsidwa moyo wina n'kutenga chikho 31-24. Ku Miami mpaka lero amati adaberedwa, koma ku Columbus, kwawo kwa Ohio State, simudzamva munthu akudandaula za woyimbira ameneyo.

Mumufunsenso zomwe adalemba pa 30 Novembala 2024, tsiku lomwe Ohio State idagonja 13-10 pakhomo kwa Michigan, kachinayi motsatizana. Quarterback Will Howard adaponyera adani mipira iwiri, ndipo masapota ambiri ankafuna kochi Ryan Day achotsedwe usiku womwewo. Pa 20 Januwale 2025 Howard yemweyo ndi Day yemweyo adagonjetsa Notre Dame 34-23 n'kunyamula chikho. Ngati mauthenga a tsiku lija mudakali nawo pa WhatsApp, musafufute, mudzamutumizire sizoni ikadzayamba.