Mlongo wanga akupita kukakhala mmishonale, ine tulo palibe

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Bembeke. Akuti mlongo wawo wamng'ono, yemwe anamulipirira fizi kuyambira Fomu 1 ndi ndalama za mbatata ya kachewere, walowa chipani cha ansembe a White Fathers ndipo akunyamuka mwezi wamawa. Amayi awo akululutira, a mumphakati akubwera kudzayamikira, koma iwo usiku akungotembenuka pamphasa. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndikuchimwa pokwiya?"

Achemwali, simukuchimwa. Ndipo ndikukayika ngati amene mwamukwiyira ndi Mulungu.

Kwathu kuno mlongo si m'bale wamba, ndi mwinimbumba. Mwana wanu akadzapeza banja, anthu adzafunsa kuti atsibweni ake ali kuti (a ku Ntcheu amati malume, nkhani ndi yomweyo). Kukagwa zovuta, ndiye wokhala kutsogolo. Wina akalowerera malire a munda wanu, ndiye wokakuyankhulirani kwa amfumu. Pomwe munkakweza matumba a kachewere kupita nawo ku Lizulu kuzizira kwa mu Juni, simunkagula mayunifolomu okha ayi, munkalera munthu woti mudzamutsamire. Tsono lero munthuyo akuchoka, anthu akuti muvine. Mtima ungalekerenji kuwawa?

Chipani chimenechi sichachilendo kwa ife. Ndi chomwe chinatsegula mishoni ya Mua mu 1902, patangopita chaka chimodzi ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama. Bambo Claude Boucher a chipani chomwechi cha White Fathers, amene anayambitsa malo a zachikhalidwe ndi zaluso a Kungoni ku Mua mu 1976, anachokera ku Canada. Timatchula mayina awo monyadira, koma sitiganizako kuti nawonso anasiya abale kwawo, ndipo oyambirirawo kalata yokha inkatenga miyezi panyanja. Ife takhala olandira zaka zoposa 100. Zotumiza wathu sitinazizolowere.

Ndisakunamizeni: a White Fathers nthawi zambiri amatumizidwa kunja kwa dziko lawo, ndipo maphunziro ake ndi a zaka zambiri. Ndalama ya fetereza musaiwerengere kuchokera kwa iye. WhatsApp ilipo, inde, koma foni sinyamula wodwala kupita naye kuchipatala.

Chomwe ndingakupempheni n'chakuti musadikire tsiku lotsanzikana, pomwe pali kwaya, nsima ndi alendo. Muitaneni panokha madzulo ena, mumuuze mosabisa kuti, "Ndimakudalira, ndipo ndikuopa kutsala ndekha ndi amayi." Musamuwerengere ndalama zomwe munawononga, akangomva masamu, aona ngati mukumulonjerera ngongole, ndipo anyamuka ndi manyazi m'malo modziwa kuti mumamukonda. Kenako muitanitse akuluakulu a banja, iye alipo, mugwirizane poyera amene adzayang'anire amayi ndi amene adzaimire ana anu. Nthawi zambiri pamapezeka mwana wamwamuna wa amayi aang'ono kapena aakulu woti n'kutenga udindowo, bola auzidwe pamaso pa anthu.

Chinanso, si onse olowa seminale amene amafika pa unsembe. Mlongo wanuyo akadzabwerera pakatha zaka zitatu ndi kachikwama kake, anthu pamsika adzamunena. Mumuuziretu asananyamuke kuti zikadzatero asadzakhale ku tauni chifukwa cha manyazi, adzatsikire pa Bembeke pomwepo.