Chingwe, kathabwa ndi mchenga: mmene amalinyero ankayezera ulendo

Mwafunsa mu imelo yanu kuti kalelo, kulibe injini kapena GPS, amalinyero a zombo zamatanga ankadziwa bwanji mtunda umene ayenda, ndiponso ankalemba chiyani mu logbook, buku lolembamo za ulendo wa chombo. Tiyambe ndi liwiro, achimwene, chifukwa zina zonse zinkatsamira pamenepo.

Ankatenga kathabwa ka makona atatu, n'kumatako mtovu m'munsi kuti kaziima chilili m'madzi osakokedwa ndi chombo. Kathabwako ankakamanga ku chingwe chachitali chokulungidwa pa gudumu. Chingwecho chinali ndi mfundo zotalikirana mamita 14.4. Ntchitoyi inkafuna anthu atatu: woponya, wonyamula gudumu m'mwamba, ndi wogwira kagalasi ka mchenga kamene kankatha m'masekondi 28. Mbali yoyamba ya chingwe inalibe mfundo, kuti thabwa lituluke kaye m'madzi ovunduka a kumbuyo kwa chombo. Kansanza kachizindikiro kakangodutsa m'manja mwa woponya, galasi ankalitembenuza. Mchenga ukatha, chingwe gwi! Mfundo zikatuluka zisanu, ndiye kuti chombo chikuyenda mamailosi asanu a panyanja pa ola, ndipo mailosi imodzi yotere ndi mamita 1,852. Mpaka lero liwiro la sitima amaliwerenga mu knots, kutanthauza mfundo zomwezo.

M'zombo zankhondo za ku Britain ankachita izi ola lililonse, n'kulemba ndi choko pa bolodi: ola, mfundo, kumene kampasi yaloza, mphepo, ndi zochitika monga kutsitsa matanga. Dzuwa likafika paliwombo, zonsezo ankazikopera m'buku ndi inki, n'kuwerengera pamene chombo chafika. Mpaka 1805 tsiku la m'bukumo linkayamba masana, osati pakati pa usiku, choncho wowerenga mabuku akalewa asamale ndi madeti.

Vuto lalikulu ndi lakuti chingwe chimayeza liwiro la chombo pamadzi, pomwe madziwo akuyenda paokha. Kugombe la kum'mawa kwa South Africa kuli mtsinje wa m'nyanja wotchedwa Agulhas, umene umanyamula chombo ndi kathabwa komwe, buku osadziwa kanthu. Mphepo ya m'mbali nayo imakankhira chombo cham'nthiti. Onjezanipo chingwe chotanuka ndi mchenga wachinyezi woyenda mochedwa. N'chifukwa chake ambiri ankafupikitsa dala mpata wa mfundo kuti buku lizitsogola pang'ono. Nzeru yabwino ndithu: kuli bwino kuyamba kudikira mtunda lero kusiyana n'kuugunda usiku.

Kuyeza dzuwa masana ndi sextant, chipangizo choyezera kukwera kwa dzuwa kumwamba, kunkakonza cholakwa cha kumpoto ndi kumwera kokha. Cha kum'mawa ndi kumadzulo chinkangowunjikana tsiku ndi tsiku, mpaka mawotchi odalirika othandiza kukonza cholakwachi, onga ya mmisiri wa mawotchi John Harrison, imene inayesedwa pa ulendo wa ku Jamaica mu 1761, atatsika mtengo. Mwachitsanzo, chombo cha Grosvenor chinasweka pagombe la Pondoland ku South Africa mu 1782, kaputeni wake akukhulupirira kuti mtunda ukadali kutali.