Lendi ikudya theka la malipiro, nanga nyumba yanuyanu idzachokera kuti?

Mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe wanditumizira imelo. Akuti lendi ikumeza pafupifupi theka la malipiro awo, eni nyumba akwezanso chaka chino, ndipo zimene akusunga ku banki kuti adzagule nyumba sizikusuntha. Akufunsa kuti asunge bwanji.

Mayi, poyamba lekani kuunjika makwacha mu akaunti wamba kuti adzakwane mtengo wa nyumba yothatha. Mtengowo umathamanga kuposa inu. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Amene anali ndi ndalama zogona mu akaunti anadzuka nambala ili yomweyo, koma matumba a simenti amene ikanagula atachepa. Kachiwongoladzanja ka akaunti yosungira sikafika n'komwe pamene mitengo ya zinthu imakwerera.

Ena akuuzani za ngongole ya nyumba ku banki. Werengani nokha. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo mabanki amaonjezapo chawo. Tinene kuti mwakongola K20 miliyoni pa 30 peresenti: chiwongoladzanja chokha ndi K6 miliyoni pachaka, K500,000 pamwezi, ngongole yeniyeni musanaikhudze. Komanso banki imafuna malo okhala ndi title deed, chikalata cha boma chotsimikiza mwini malo, pamene mapuloti ambiri amene anthu wamba timakwanitsa alibe. Kwa munthu amene lendi yamupana kale, ngongole yotere ndi msampha, ndipo sindibweza mawu amenewa.

Ndalama yoyamba ichokera pa lendi pomwepo. Kusamukira nyumba yotsikirapo n'kwanzeru, koma muwerengere minibasi ya inu ndi ana mwezi wonse, ndi miyezi itatu ya lendi imene eni nyumba ambiri amafuna musanalowe. Ngati kusiyana kwa lendi kukuthera pa thiransipoti, khalani pomwepo. Zimene zapulumuka muziike pa standing order, lamulo limene mumapatsa banki loti izidula yokha tsiku lomwe malipiro alowa, osadikira zotsala pa 25, chifukwa sizitsala.

Apa ndinenepo za abale. Maliro, fizi ya mwana wa achimwene, feteleza wa kumudzi, zonsezi zibwera ndithu, ndipo simungazikane zonse. Khalani ndi thumba lina laling'ono la zimenezi, likatha latha. Ndalama ya nyumba isadziwike kwa aliyense kupatula amene mumagona naye nyumba imodzi. Ena ati ndi umbombo. Anthu omwewo ndi amene adzafunse kuti zaka zonsezi m'tauni munkatani.

Posungira kwa kanthawi, SACCO, bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsa ndalama, ndi yabwino chifukwa kutapa n'kovutirapo. Ma Treasury bill, mapepala okongozera boma ndalama kwa masiku 91, 182 kapena 364, mutha kugula kudzera ku banki yanu. Banki m'khonde imathandiza kupeza mtolo wa ndalama pogawana kumapeto a chaka, koma magulu ambiri amakakamiza aliyense kukongola, ndiye mukhoza kupezeka mukubweza chiwongoladzanja pa ngongole imene munagulira ndiwo. Konseku ndi pongodutsa. Zikangokwana puloti, gulani puloti.

Za puloti

Apa ndi pamene anthu amalirira. Puloti imodzi imagulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu, ndipo dobadoba amene analandira ndalama foni yake sikupezekanso. Kalata ya amfumu ndi umboni, koma si title deed. Ngati wogulitsa akuti malo ali ndi mapepala, kafufuzeni ku Unduna wa za Malo ngati dzina lili m'kaundula ndi lake. Kafunseni ku khonsolo ngati malowo sali pamsewu wokonzedwa kale, pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM kapena pamalo oletsedwa kumanga. Pitani nokha mukacheze ndi oyandikana nawo wogulitsa palibe. Akakhala malo a banja, abale onse okhudzidwa asayine pamaso pa mboni, ndipo mulipire kudzera ku banki kuti pakhale chizindikiro. Mukatero itanani saveya aike mabikoni osonyeza malire. Puloti yotchipa m'mbali mwa mtsinje kapena motsetsereka phiri isiyeni. Zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe mu March 2023 tonse tinaziona. Malo muziwaona nthawi ya dzinja, madzi akuonetsa njira yake.

Kenaka ndalama muzizisandutsa zipangizo zosaonongeka: malata, zitsulo, mafelemu a zitseko ndi mawindo, mabuloko, bola pali posungira podalirika. Simenti yokha musaigule msanga. Imakoka chinyezi, ikakhala miyezi itatu imayamba kufooka, mwina kuuma gwa m'thumba momwemo. Muziigula sabata imene mmisiri akuigwiritsa ntchito.

Jambulitsani pulani ya nyumba yonse, ivomerezedwe ku khonsolo, koma mumange zipinda ziwiri zokha kaye. Mabuloko a masentimita 40 mulitali ndi 20 msinkhu amalowa 12 ndi theka pa sikweya mita imodzi. Zipinda ziwiri za mamita 7 ndi 3.5 zonse pamodzi, khoma lotalika mamita 2.7, zimadya mabuloko pafupifupi 800, a fawundeshoni osawerengera. Musalole mmisiri kudumpha pulasitiki yotchinga chinyezi pamwamba pa fawundeshoni, apo ayi khoma lizidzanyowa m'munsi ndipo pulasitala azidzagwa. Ring beam, lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira pamwamba pa makoma, nayo isasiyidwe, ndiyo imamanga makoma kuti asang'ambike. Konkire ithiriridwe madzi masiku osachepera 7. Mmisiri muzimulipira pagawo limene wamaliza: fawundeshoni, kufika pa windo, ring beam, denga. Mukamupatsa zonse poyamba, mumupeza ali pa ntchito ina.

Yambani khoma mu May kapena June kuti denga likhale litafoleredwa mvula ya November isanagwe. Chimbudzi, chitseko chokhoma ndi madzi apafupi zikatheka, samukani, ngakhale pansi pasanasalazidwe ndi magetsi asanalowe. Kuyambira mwezi umenewo, standing order ija muikweze ndi ndalama yonse imene inkapita kwa eni nyumba, igule mabuloko a chipinda chachitatu.