Mwana akufuna ntchito ya komiti yoyang'anira asilikali: ayambire pati?

Amayi ena a ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, andilembera ali ndi nkhawa. Mwana wawo wamkazi ali Grade 11, ndipo chionereni pa kanema aphungu akupanikiza akuluakulu a asilikali ndi mafunso, za unamwino anasiya kukamba. Akuti akufuna kudzagwira ntchito ku komiti ya zachitetezo. Funso la amayiwa ndi lakuti: ntchito yotereyi ilipodi, kapena mwanayu akufuna kulowa usilikali mozembera?

Amayi, mtima ukhale m'malo. Ntchitoyi ilipo, ndipo mwana wanu waona chinthu chimene akuluakulu ambiri timangochidutsa.

Ndikuganiza kuti zimene anaonerazo ndi za kumayambiriro kwa 2025. Mu Januwale chaka chimenecho asilikali 14 a South Africa anaphedwa kum'mawa kwa Congo, kufupi ndi Goma, ndipo ifenso tinataya asilikali athu atatu a Malawi pankhondo yomweyo. Nduna ya zachitetezo, Angie Motshekga, inakaonekera pamaso pa aphungu kukayankha: anyamatawa anapita ndi zida zokwanira? Ndege zowateteza zinali kuti? Amene amafunsa mafunso oterewa ndi makomiti a Nyumba ya Malamulo ku Cape Town. Awiri odziwika ndi Portfolio Committee on Defence and Military Veterans, ndi Joint Standing Committee on Defence imene mumakhala aphungu a nyumba zonse ziwiri.

Mphamvu zawo zinalembedwa m'malamulo aakulu a dziko lino la South Africa a 1996. Gawo 199 limati nthambi zonse zachitetezo ziziyang'aniridwa ndi makomiti a aphungu a zipani zosiyanasiyana. Gawo 201 limati Pulezidenti akatumiza asilikali, adziwitse Nyumba ya Malamulo mwamsanga chifukwa chake, malo, chiwerengero cha asilikaliwo ndi nthawi imene akakhaleko. Komiti silamula gulu la nkhondo, ayi. Wolamula ndi Pulezidenti. Koma ikhoza kuitana nduna kapena mkulu wa asilikali kudzayankha, kuitanitsa zikalata, kukayendera mabalaki, ndiponso kuunika ndalama.

Apa pa ndalama ndi pamene pagona ntchito ya mwana wanu. Phungu amakhala ndi zambiri, sangawerenge yekha lipoti lapachaka la masamba mazanamazana. Kumbuyo kwake kuli anthu olembedwa ntchito: mlembi wa komiti, wofufuza, mlangizi. Wofufuzayo amakhala ndi lipoti la unduna kudzanja lamanja, la Auditor-General (mkulu wounika ndalama za boma) kumanzere, n'kumatsata mzere ndi mzere. Akapeza kuti unduna unalonjeza maola akutiakuti oti ndege ziuluke koma zinauluka ochepa, amalemba funso lalifupi papepala, ndipo m'mawa mwake phungu amalifunsa dziko lonse likumva. Ndalama za asilikali a kuno sizifika 1 peresenti ya chuma chonse cha dziko, ndipo zoposa theka zimathera malipiro. Ndiye funso lakuti zotsalazo zikukonzadi ndege ndi sitima kapena ayi, ndi funso la moyo wa mwana wa munthu wina amene ali kutchire. Chaka chilichonse cha mu Okutobala komiti imalemba lipoti lake lounika bajeti, ndipo olikonza usiku ndi anthu amenewa.

Sindikubisirani mbali yowawa. Nthawi zambiri komiti imamva zinthu madzi atafika kale m'khosi. Zinaterotu mu 2013, asilikali a kuno ataphedwa ku Bangui, likulu la Central African Republic: mafunso ambiri anabwera maliro atachitika. Mwana amene akufuna ntchitoyi akhale wopirira, wosatopa kufunsa funso lomwelo kachitatu.

Tsopano za sukulu. Alimbikire Chingerezi ndi History, chifukwa ntchitoyi ndi yowerenga ndi kulemba. Ngati akuphunzira Mathematics asathawire ku Maths Literacy, pakuti digiri za chuma ndi za akawunti pa yunivesite ya Wits zimafuna Mathematics yeniyeniyo, ndipo munthu wodziwa kuwerenga bajeti ndiye wosowa pa nkhani za asilikali. Akhoza kuchita Political Science, International Relations, malamulo kapena zachuma pa Wits kapena pa University of Johannesburg (UJ) ku Auckland Park. Asadzalekere pa digiri yoyamba. Ofufuza ambiri amakhala ndi yachiwiri, ndipo Wits School of Governance ku Parktown imaphunzitsa za kayendetsedwe ka chitetezo.

Nkhani ya mapepala muione msanga, Amayi. Simunandiuze ngati mwanayu ndi nzika ya dziko lino. Ngati sali nzika, thandizo la NSFAS, thumba la boma lolipirira ophunzira a ku yunivesite, likhoza kumuvuta kupeza, usilikali wa dziko lino (SANDF) sangalowe, ndipo ntchito zokhudza zinsinsi za boma zimafuna kufufuzidwa kumene mlendo sapyola mosavuta. Ndaona ana anzeru akulira mu Januwale chifukwa choti makolo anadikira zotsatira za matiriki asanafunse za chitupa.

Komabe khomo silili ku Cape Town kokha. Malamulo aakulu a Malawi a 1994 anakhazikitsanso komiti ya Defence and Security m'Nyumba ya Malamulo yathu, ndipo ku Lilongwe nakonso aphungu amadalira alembi ndi ofufuza. Yunivesite ya Mzuzu imaphunzitsa Security Studies. Ku Pretoria kuli bungwe la Institute for Security Studies limene limafufuza za chitetezo cha Africa yonse. Ineyo ndingasangalale kwambiri kuona mtsikana wokulira ku Rosettenville akuthandiza aphungu a kwathu kufunsa za zida ndi malipiro a asilikali a ku Kamuzu Barracks.

Sabata ino mugulireni data pang'ono. Atsegule tsamba la Parliamentary Monitoring Group, limene limasunga zokambirana za makomiti, asankhe msonkhano umodzi wa komiti ya zachitetezo, auwerenge mpaka kumapeto. Kenako alembe mafunso atatu amene aphungu anaiwala kufunsa, mudzanditumizire pamodzi ndi lipoti lake la temu yathayi, tidzaonere limodzi maphunziro amene angalembere chaka chamawa.