Za ana obwera ndi mafomu pageti

Achemwali, ndawerenga funso lanu lija, loti anyamata awiri anabwera pageti panu ku Mufakose mu Harare muno, ku Zimbabwe, ndi fomu ya chidindo akuti akusonkhetsa ndalama ya ulendo wa timu ya mpira, inu munapereka madola 5, kenako sabata yotsatira mwawaonanso omwewo atanyamula fomu ya tchalitchi, ndiye mukufunsa ngati muzingowathamangitsa onse obwera choncho. Ine ndikuti musawathamangitse, koma ndalama yokha musamaipereke m'manja mwa mwana pageti, olo akudandaulireni bwanji.

Zinandichitikirapo inenso kuno ku Mabvuku, mu Harare momwemu. Kanabwera kamtsikana kovala yunifomu, pepala lili mu pulasitiki, mayina ali ndandanda, uyu madola 10, uyu 20. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti mayina asanu oyamba aja ndi dzanja limodzi, peni imodzi, anangosinthasintha masaini. Amatero dala kuti iwe uchite manyazi kutulutsa dola imodzi pomwe anzako akuoneka ngati apereka zambiri. Chidindo nachonso musachikhulupirire, mtauni umu munthu amakakonzetsa chidindo cha dzina lililonse, nanga fotokope imavuta chiyani.

Sindinakakalipire, ndinakakhazika pakhonde ndikukapatsa tiyi ndi buledi. Mmene kanadyera muja, kakuyang'ana kugeti pafupipafupi, ndinadziwa kuti kuyambira m'mawa sikanalawe kanthu. Ndi pomwe kanaulula kuti pali bambo wina amawatsitsa pamashopu m'mawa ali angapo, aliyense fomu yake ndi msewu wake, madzulo amakumana pomwepo ndalama yonse amatenga iyeyo, ana amangopatsidwa ya kombi (minibasi). Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa amene amatukwanidwa ndi kulumidwa ndi agalu ndi mwanayo, mwini bizinesi ali phee pamthunzi. Nchifukwa chake sindifuna kuti tiziwatcha ana onsewa mbava.

Ndiye ine ndimapanga chonchi. Ndimafunsa dzina la sukulu kapena mpingo, ndikumuuza mwanayo kuti ndikapereka komweko. Nambala yolembedwa pafomu osaimba, imeneyo amayankha ndi mnzawo, pezani nokha nambala ya ahedi kapena abusa kudzera kwa anthu odziwana nawo. Sukulu za kuno zili ndi SDC, komiti yoona za chitukuko cha sukulu, ndipo ndalama ikalowa amalemba lisiti. Kumpingo nako, kaya ku CCAP kaya ku Katolika, achinyamata akafuna kusonkhetsa ya msonkhano zimalengezedwa kutsogolo Lamulungu ndipo msungichuma amadziwika. Akakupatsani nambala ya EcoCash, yotumizira ndalama pafoni, onani dzina lomwe latuluka musanatsimikize, likakhala la munthu wamba pomwe iwo akuti ndi bungwe, imani kaye. Komanso lamulo la Private Voluntary Organisations Act limafuna kuti bungwe lachifundo lopempha chithandizo kwa anthu likhale lolembetsedwa kuboma, ndiye kufunsa mapepala ake si mwano ayi. Mwana wachilungamo amasangalala mukati mukapereka kusukulu kwake, winayo amayamba zoti lero ndi tsiku lomaliza.

Ogulitsa katundu khomo ndi khomo nawo ndi nkhani ina. Magetsi a ZESA, kampani ya magetsi kuno, akamavuta amabwera ndi zithunzi za masola ndi masilinda a gasi pafoni, ena mabulangete ndi mapoto a ngongole, akuti perekani dipoziti mawa galimoto ibweretsa. Mawa lakelo silifika. Katundu mumugwire kaye ndi manja anu, sola ayiyatse mukuona, ndiye mulipire. Chenjeraninso ndi wobwera ndi pepala la madola 50 kapena 100 kuti mumusinthire, poti chenji chimavuta kuno ndi kusakaniza madola ndi ZiG, ndalama ya dziko lino, kuyambira 2024 muja, munthu umafuna kuthandiza koma pepalalo limatha kukhala lachinyengo. Ndipo akakhala awiri asalowe m'nyumba, wina amakucheza pomwe mnzake maso ali pa TV ndi poyika foni. Awuzeni agogo athu amene amatsala okha masana, iwowa ndi amene amapwetekeka kwambiri chifukwa mlendo akangowapatsa moni mu Chichewa basi amamutenga ngati mdzukulu wochokera kumudzi.

Anyamata anu aja mukawaonanso musawajambule ndikuwaponya mugulu muno chonde, ndi ana, chithunzi chikafalikira sichibwerera. Afunseni mwaulemu amene amawatuma ndi pomwe amawatsitsa, mukanene kupolisi ya kwanuko, kenako mutiuze muno dera ndi mtundu wa fomuyo kuti a ku Highfield ndi ku Dzivarasekwa akhale tcheru.