Pulopela ya Yamaha 15: musagule chifukwa choti ikunyezimira

Achimwene, pepani ndi ngozi ya pamwalayo. Mwati injini yanu ndi Yamaha Enduro 15, ili pa boti la matabwa la chilimira, phiko limodzi la pulopela lathyoka, ndipo wogulitsa akukunyengererani kuti mutenge yachitsulo chonyezimira, ya nambala yaikulu, ati boti lizithamanga. Ndalamazo zibakhala kaye m'thumba.

Yothyokayo musataye. Itsukeni, mupale ndere, mupezapo manambala olembedwa chonchi: 9 1/4 x 10, kenako chilembo J. Nambala yoyambayo ndi kukula kwa bwalo limene mapiko amazungulira, m'mainchesi, ndipo pa injini yanu imeneyo siivuta. Muwerengenso mano a m'kati mwa bowo lolowa shafiti. A Yamaha 15 amakhala 8, pomwe a 25 ndi 30 amakhala 10. Mano akasiyana, ngakhale mumenye ndi hamala siilowa. Popita kokagula muitenge yakaleyo m'jumbo, mukaziike pamodzi muone ndi maso anu.

Nkhani yagona pa nambala yachiwiriyo, imene amakaniko amati pitch. Ndi mtunda umene pulopela imayenera kusuntha ikazungulira kamodzi. Ili ngati giya ya njinga. Wakabaza atanyamula matumba awiri a chimanga sakwera chitunda ndi giya yolemera, miyendo ingathe. Ndiye taliganizirani boti lanu madzulo: alovi akwera, mabwato mwasanjika pamwamba, nyali, mafuta, ndipo pobwera ukonde wanyowa, usipa uli tho. Boti lotere limafuna pitch yotsika, 9 kapena 8. Za 11 ndi 12 n'za kaboti kopepuka konyamula anthu awiri.

Injini imeneyi ikatsegulidwa moto wonse iyenera kuzungulira pakati pa 4,500 ndi 5,500 pa mphindi. Mukakweza pitch ndi inchi imodzi, liwiro la injini limatsika ndi pafupifupi 200, mukatsitsa limakwera chimodzimodzi. Pitch ikachuluka mumva injini ikubuula, ikulephera kudzuka, mapulagi akuda msanga, petulo akungopita. Ikachepa kwambiri injini imalira mokuwa koma boti osayenda. Ngati makaniko wa padoko panu ali ndi kamita koyezera kuzungulira kwa injini, kokulunga pa waya wa pulagi, mukwere naye tsiku limodzi boti litalemera monga mwa masiku onse. Kuyesa boti lopanda kanthu n'kudzinamiza. Koma ngati yakaleyo inkakoka bwino isanathyoke, gulani nambala yomweyo basi.

Za yachitsuloyo, ine ndikuti ayi. Ndi yolimba, inde, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Ya aluminiyamu ikagunda mwala imapindika kapena kuthyoka, ululu n'kuthera pomwepo. Yachitsulo siigonja msanga, mphamvu yambiri imakafika ku shafiti ndi magiya a m'munsi. Mnzanga wina wa padoko pathu anaigula monyada, sabata zingapo anakhula mwala pokocheza usiku. Pulopela inatuluka ili bwinobwino, shafiti itapindika, boti linakhala pamchenga mwezi wathunthu anzake akupha usipa. Ndalama ya yachitsulo imodzi ikhoza kukugulirani za aluminiyamu ziwiri, ina n'kumayenda nayo m'boti. Mwera ukakupezani kutali pulopela itafa, nkhafi sizithandiza kwenikweni.

Zotchipa zopanda dzina nazo muzisamala nazo. Pakati pa pulopela pali labala wogwira kachitsulo ka mano kaja, ndipo wa zotchipazi sachedwa kuterereka. Mukaona injini ikukuwa boti likungoyandama, jambulani mzere ndi penti kuchoka pa kachitsulo ka pakati kufika pa thunthu la pulopela, muyende pang'ono, muyang'anenso. Mzere ukaduka pawiri, labala wapita.

Pomanga, yambani mwazula mawaya a mapulagi, zala n'zanu. Pingani mapiko ndi kathabwa pomasula nati. Kuseri kwa pulopela kuli wasala wokhuthala, ndipo anthu ambiri amamutaya chifukwa amakakamira ku yakale n'kupita nayo. Mukamanga popanda iyeyo pulopela idya chikombole cha magiya. Pomwepo muonenso ngati palibe ulusi wa ukonde kapena wa mbedza wokulungika pa shafiti, chifukwa umadula masilu, timalabala totchinga madzi, madzi n'kulowa m'magiya. Poti munagunda mwala, zungulizani shafitiyo ndi dzanja muone ngati sikugwedera, ndipo mumasule kabawuti ka oilo wa magiya. Akatuluka woyera ngati tiyi wamkaka, madzi alowa kale, pitani kwa makaniko musanabwerere panyanja. Zonse zikakhala bwino pakani girisi pa mano a shafiti, mangani nati, mutseke ndi pini yatsopano. Msomali ayi, umachita dzimbiri n'kuduka.