Musathire 15W-40 mu CX-5 imeneyo, achimwene

Mwafunsa muno ngati mungathire oyilo wa 15W-40 mu Mazda CX-5 yanu ya dizilo. Ayi achimwene, ayi ndithu. Makaniko wanuyo akuti 15W-40 ndiye oyilo wa dizilo, ndipo 0W-30 ndi madzi oyenera kumayiko ozizira? Mawu omwewo ndi amene anandiphera injini ine, mpaka ndikukayikira ngati si munthu mmodzi yemweyo. Yanganso ndi CX-5 ya dizilo ya 2.2, ya 2013, inalowera pa Songwe kuchokera ku Dar ili bwinobwino. Ndaona ena pamwambapa akuti oyilo ndi oyilo bola akhale wa dizilo. Abale anga, ambiri amene mukulemba zimenezi mumayendetsa Hiace ya 5L kapena Hilux yakale. Injini zimenezo zimameza chilichonse n'kumapitabe. Ya achimwenewa ili ndi ma turbo awiri ndi DPF, sefa ya mwaye ya mu ekizozi, ndi nkhani ina.

Makaniko wanga anali wokoma pakamwa, "abwana" pa mawu alionse. Kabuku ka galimotoyi kali m'Chijapani, koma DL-1 ndi 0W-30, zizindikiro za oyilo amene imafuna, zimawerengeka bwinobwino, ndiye ndinamuonetsa ndi chala, n'kumupatsa ndalama ya oyilo ameneyo. Iye anaseka n'kunena kuti, "Abwana, kuno si ku Japan, kuno kumatentha. Koma musadandaule, tichita zimene mwanenazo." Sevisi iliyonse ndimasiya ndalama ya oyilo wodula, iye n'kumatunga mu diramu yomwe amathira m'malole ndi m'maminibasi, yotsalayo n'kuika m'thumba. Anadzandiululira ndi kamnyamata kake kogwira masipanala, zinthu zitavuta kale.

Galimoto inayamba kudandaula pang'onopang'ono. Dizilo anayamba kutha msanga. Kuzimitsa injini, fani imapitirira kulira, kafungo kotentha kakuchokera pansi. i-stop, ija imazimitsa injini yokha mukaima, inayamba kumakana pafupipafupi. Kenako kanyali ka DPF. Ndikapita kwa mkulu uja, amalumikiza kachipangizo kake ku foni, n'kufufuta, "zatheka abwana, inali sensa chabe." Ndinamuonetsa dipstick, kachitsulo koyezera oyilo, kuti oyilo akukwera m'malo motsika. Amene muli ndi galimotoyi mukudziwa, kumtunda kwa malire a oyilo kuli chizindikiro cha X. Wanga anali atapitirira X ameneyo. Mukudziwa anandiyankha chiyani? "Muziyamika Mulungu abwana, injini yanu sikudya oyilo." Anamasula pansi, kutayako pang'ono, kumanganso. Ndinalipira.

X ameneyo a Mazda sanamuike kuti akhale chokongoletsa. DPF ndi sefa ya mu ekizozi yogwira mwaye. Ikadzaza, kompyuta imapopera dizilo woonjezera kuti ekizozi itenthe kufika cha m'ma 600°C, mwaye uja upse. Nthawi iliyonse ikamachita zimenezo, dizilo wina amatsetserekera mu sampu, mokhala oyilo pansi pa injini, n'kusakanikirana ndi oyiloyo. Tsono mwaye umapsa, koma phulusa lochokera ku oyilo silipsa, limangokhala momwemo. N'chifukwa chake galimoto za DPF zimafuna oyilo wa phulusa lochepa. Oyilo wolembedwa DL-1 sapitirira 0.6% ya phulusa, wa ACEA C3 sapitirira 0.8%, pamene wa malole wa mtundu wa CI-4 nthawi zambiri amapitirira 1%. Phulusa likachuluka malo mu sefa amachepa, galimoto imawotcha pafupipafupi, dizilo wochuluka amalowa mu oyilo. Mapeto ake oyilo "wolemera" wa mkulu uja anasanduka madzi enieni, kuposa amene amawanyoza aja.

Tsiku lake linali Loweruka la chinkhoswe cha mng'ono wanga ku Balaka. Tinanyamuka ku Lilongwe kusanache. Kutsogolo kunali amalume, amene anali nkhoswe yaikulu ya kuchimuna, atavala suti yawo ya bulauni. Kumbuyo amayi ndi mayi a kunyumba, keke ili pamiyendo. Mu buti munali khasu, nkhwangwa, zovala za mkwatibwi ndi tambala wamoyo m'katoni yoboolaboola. Tadutsa Dedza bwinobwino. Titangodutsa pa Lizulu, ndikupitirira lole pa kachitunda, galimoto inafooka mwadzidzidzi. Kuponda mafuta, yosayankha. Ndisanaganize kalikonse, nyali yofiira ya oyilo yati ng'ani. Kenako phokoso limene sindidzaliiwala, kho kho kho kho, kuchokera pansi penipeni pa injini, kumanjenjemera mpaka pa chiwongolero. Lole ija ili pambali panga, kutsogolo kukubwera basi ikuthwanimitsa nyali. Amayi anangoti "Yesu wanga!" Ndinabwerera kumbuyo kwa lole ija, sindikudziwa kuti ndinakwana bwanji, n'kukhotera kunja kwa msewu. Ndinazimitsa. Utsi wabuluu unali utadzaza kumbuyo konse.

Kunja kunali chifunga ndi kuzizira kwa ku Ntcheu kuja kolowa m'mafupa. Ndinatsegula boneti, kusolola dipstick. Oyilo anangoyenderera n'kudontha pa nsapato, wakuda bii, kununkha dizilo yekhayekha. Kumukhudza ndi zala, wosanata n'komwe, ndipo munali tinthu tonyezimira. Amalume anasuzumira, anandiyang'ana, n'kufunsa mwakachetechete kuti, "Mphwanga, tifika?" Ndinalibe choyankha. Nthawi yomweyo tambala uja anayamba kulira mu buti.

Anthu anasonkhana, aliyense makaniko. Wina akuti ndi batire, wina akuti mwathira dizilo wa m'zigubu, wina akufuna tikankhe. Amayi ogulitsa kachewere anasiya mabeseni awo kubwera kudzaonerera. Kuti ndiimbe foni, yagwira netiweki ya ku Mozambique, poti pamenepo msewu ndiwo malire. Itabwerera yathu, mauthenga anangokhuthuka: muli pati, akuchikazi akhala kale pansi, anthu ayamba kung'ung'udza. Ndinamuimbira mkulu uja. Yoyamba sanayankhe. Atayankha anati, "Ingoisiyani izizire abwana, muonjezere oyilo, iyenda." Kuonjezera oyilo mu injini yosefukira kale!

Amalume, munthu wamkulu wolemekezeka kumudzi kwathu, anakwera minibasi yodzaza, suti ili m'thupi, katoni ya tambala ili pamiyendo, khasu ndi nkhwangwa zili pansi pa mpando. Amayi anakhala pa kampando ka kondakitala. Keke inafika itapendama mbali imodzi. Mwambo unayamba dzuwa litapendeka, ndipo mpaka lero akuchikazi akandiona amafunsa kuti "galimoto ija ilipo?" Ine chinkhoswe cha mng'ono wanga ndinachionera pa zithunzi za pa WhatsApp, nditakhala pa mwala m'mbali mwa M1, kudikira breakdown yochokera ku Lilongwe imene inafika kutada.

Makaniko wina atatsitsa sampu anandiitana kuti ndidzaone ndi maso anga. Kasefa kamene pampu imayamwira oyilo kanali katatsekeka ndi zakuda zouma, ngati nkhoko za pansi pa poto, amachita kupala ndi sikuludiraiva. Ma bearing atatha, crankshaft itakandika, turbo yaing'ono ikugwedera. DPF poinyamula inali yolemera ndi phulusa. Ndalama imene ndinasunga ya malata a nyumba yonse inathera pamenepo, n'kuonjezera ngongole ya ku banki m'khonde ya mayi a kunyumba.

Ndinapita kukamuona mkulu uja. Sanachite ngakhale manyazi. "Ma CX-5 onse ndi choncho abwana, ndimafuna kukuuzani kuti mugulitse." Lero ndiye ukudziwa zimenezo? Nthawi yonse umalandira ndalama yanga ija unali duu. Chimene chimandiwawa kwambiri si kuba kokha ayi, koma kuti munthuyu amakhulupiriradi zimene amanena. Anaphunzira ntchito pa injini zakale za Toyota za 2L ndi 3L zaka zammbuyomo, ndipo kuchokera pamenepo sanawerengeko kalikonse, ngakhale kumbuyo kwa chigubu cha oyilo. Alipo ambiri otere, ndipo ndi amene amayankhula mokweza. Ukawafunsa kuti DL-1 ndi chiyani amakuyang'ana ngati wawatukwana. Mpaka pano galaja yake ndi yodzaza, ndimaona ndikamadutsa, ma Mazda ndi ma VW ali ndondondo kudikira diramu yomwe ija.

Nkhani ya kutenthayo ndi bodza. Nambala yoyamba, ya W ija, ikunena mmene oyilo amayendera injini ikazizira, m'mawa poliza. Yachiwiriyo ikunena kulemera kwake pa 100°C. Injini ikatentha imakhala cha m'ma 90°C chifukwa cha thermostat, kaya muli ku Nsanje mu Okutobala kaya ku Dedza mu Juni. Ndipo ma turbo amafuna oyilo afike msanga mukangoliza, osati azichita kukwawa.

Ndiye achimwene, tembenuzani chigubu muwerenge kumbuyo. Kutsogolo amangolemba zokopa. Pa CX-5 yanuyo funani JASO DL-1 kapena ACEA C3, 0W-30 kapena 5W-30. Musapusitsidwe ndi 5W-30 yekha, chifukwa alipo 5W-30 wa A3/B4 kapena A5/B5 amene phulusa lake ndi lambiri. "Fully synthetic" sakutanthauza kuti ndi wa DPF. Anzathu a VW ndi Audi funani wolembedwa 507.00, a Benz 229.51, a BMW Longlife-04. A Hilux ndi Fortuner za injini ya GD yambani mwaona ngati yanu ili ndi DPF, chifukwa si zonse zili nayo, ndipo imene ili nayo imafuna ACEA C2. Gulani nokha oyilo ndi fyuluta, muimirire pomwepo mpaka athire. Imalowa malita 5 ndi pang'ono, ndiye chigubu cha malita 4 sichikwana, apo ndi pamene amaonjezera wa mu diramu inu mutapita kukagula Fanta. Chigubu chikatha chibooleni kapena mupite nacho kunyumba, poti zigubu zimenezi ndi zomwe anyamata amathiramo oyilo wachabe n'kumatanso bwinobwino. Akamaliza apange reset ya oyilo mu kompyuta, galimotoyi imawerengera yokha kuti dizilo walowa wochuluka bwanji. Wanga uja sanapangepo n'kamodzi komwe.

Musadikire makilomita 10,000. Ndi fumbi lathuli, mizere ya m'tauni ndi dizilo wa m'zigubu amene timathira mafuta akasowa, ine ndimasintha pa 5,000. Ndipo galimotoyi simakonda maulendo a kunyumba, kusukulu ya ana, kuofesi basi. Imazimitsidwa isanamalize kuwotcha mwaye, mawa n'kuyambiranso, dizilo akungotsikira mu sampu. Muziitulutsa pa msewu waukulu ithamangeko, kaya kukafika ku Mponela n'kubwerera.

Komanso ndinene chilungamo, makaniko wachiwiriyo anandiuza kuti zakuda zotseka kasefa zija zambiri zimachokera pa mawasha a ma injector, opopera dizilo mu injini aja, akayamba kudontha mpweya, ndipo ma CX-5 oyambirira amadziwika ndi vuto limeneli ngakhale uthire oyilo wolondola. Ine ndimaloza mkulu uja basi, chifukwa akanakhala wodziwa ntchito akanaziona. Koma inu uzani munthu aone mawasha amenewo, ndipo ngati galimoto yayenda kwambiri atsitse sampu aone kasefako. Chinanso, C3 wabodza wachuluka, makamaka amene mtengo wake ukukoma kwambiri. Kusiyana n'kuti muthire 0W-30 wa m'chigubu chokayikitsa, bola 15W-40 weniweni wolembedwa CJ-4 kapena CK-4 wogula pa filling station, poti ameneyo phulusa lake silipitirira 1%, muyendere kaye mpaka mutapeza woyenera. Inde ndikudziwa zimene ndalemba pamwambapa, musandikumbutse.

Yanga DPF ndinaichotsa titamanganso injini, anakonzanso ndi kompyuta yake. Oyilo sakweranso, koma ikamakwera chitunda imasiya kautsi, ndipo amene ali kumbuyo kwanga pa mzere wa pa Area 18 amatseka mawindo. Sindikukuuzani kuti muchotse yanu, ngati ili bwino isamaleni. Ndimathirabe C3, amandibweretsera mlamu wanga akamachokera ku Joni. Amene simunagule ndipo mumangoyenda m'tauni, tengani ya petulo mupume.

Achimwene, musanapite kwa makaniko wanuyo mawa, sololani dipstick injini itazizira, muone pamene oyilo ali poyerekeza ndi X, mumununkhize. Ngati wathira kale 15W-40 wa mu diramu, mukhuthule sabata yomwe ino pamodzi ndi fyuluta. Chigubu chimene mukufuna kugulacho chijambuleni kumbuyo muponye muno tione musanalipire.